Kuyesa sipuling'i ya strut pamene ikukankhidwa cham'mbali: tiyambire pati?

Sipanala17:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Tikufuna kumanga makina oyesera kulimba kwa masipuling'i a koyilo a kutsogolo, aja amakhala pa strut (mwendo wa shoko wogwira tayala) ya galimoto zing'onozing'ono ngati Corolla, Vitz ndi Fit. Sitikufuna kudziwa makilogalamu omwe sipuling'i inganyamule, zimenezo n'zosavuta. Chomwe tikufuna n'choti, ikamagwira ntchito mphamvu ikuikankhira cham'mbali, moyo wake umafupika motani, ndipo imathyokera pati.

Miyeso ya sipuling'i yomwe tasankha ndi iyi: waya ndi wa 12.5 mm, m'mimba mwa koyilo kuchokera pakati pa waya mpaka pakati pa waya ndi 140 mm, mikombero yogwira ntchito ndi 4, kutalika kwake isanapanikizidwe ndi 360 mm, ikakhala pa galimoto imatsika kufika pa 200 mm. Tili ndi mota ya 1450 rpm, zitsulo zomangira fulemu, makina owotcherera, ndi ndalama zogulira ma load cell (timasikelo tamagetsi toyezera mphamvu) ochepa chabe.

Maganizo athu anali oti tiike sipuling'i pakati pa mbale ziwiri zosalala, kenako tisunthe mbale yapamwamba ndi 10 mm, ina 20 mm, n'kumapopa, kuipanikiza ndi kuimasula mobwerezabwereza, mpaka ithyoke. Kodi njira imeneyi ingatipatse yankho loona? Tifunika masipuling'i angati, ndipo tipope mothamanga bwanji?

Mayi Injiniya:

A Sipanala, mbale zosalala zisiyeni kaye. Mukatero mudzathyola masipuling'i ndithu, koma zomwe mudzalembe sizidzakhudzana ndi galimoto iliyonse yoyenda pamsewu.

Tiyambe ndi komwe mphamvu ya m'mbaliyo imachokera. Pa strut ya MacPherson, tayala limagunda pansi kunja kwa mzere wa shoko. Galimoto ikatsamira pa tayalalo, strut yonse imafuna kupindika, ndipo ndodo ya shoko imakanikizika mbali imodzi pa guide yake, kamphete komwe ndodoyo imadutsamo, ndi pa pisitoni. Okonza galimoto amathana nazo popendeketsa sipuling'i, kapena kuisunthira kunja cha kutayala, kapenanso kuipanga yokhota pang'ono ngati nthochi isanapanikizidwe. Cholinga chake n'chakuti sipuling'i ikankhe mopendekeka, mphamvu yake ya m'mbali ifafanize ija ya tayala. Ndiye kuti sipuling'i ya strut imapangidwa dala kuti isakankhe molunjika. Mukaiika pa mbale zosalala mwaichotsera kale ntchito yake.

Chinthu choyamba kuyeza si kuthyoka ayi. Ndi mzere wa mphamvu, kutanthauza mzere womwe mphamvu yonse ya sipuling'i imadutsa kuchokera pa mbale yapansi kukafika pa yapamwamba. Mafakitale amayeza ndi makina okhala ndi ma load cell owerenga mphamvu mbali zitatu ndi kupotokola mbali zitatu, monga omwe ZwickRoell amapanga. Inu mutha kuyandikira ndi ma load cell atatu pansi pa mbale iliyonse. Aikeni motalikirana madigiri 120 pa mkombero wa 100 mm kuchokera pakati. Tiyerekeze kuti mwapanikiza kufika pa 200 mm ndipo awerenga 1400 N, 1050 N ndi 1050 N (N ndi ma newton, muyeso wa mphamvu). Zonse pamodzi ndi 3500 N. Woyambayo ali pa 100 mm kutsogolo, awiriwo ali pa 50 mm kumbuyo kwa pakati. Chulukitsani 1400 ndi 100, muchotsepo 2100 kuchulukitsa ndi 50, zotsalazo mugawe ndi 3500. Yankho ndi 10 mm. Apo mwapeza kuti mphamvu ikudutsa 10 mm kuchoka pakati, cha kwa load cell woyamba. Chitaninso chimodzimodzi pamwamba. Ngati pamwamba yasunthira 15 mm mbali inayo, mzerewo wapendekeka 25 mm pa kutalika kwa 200 mm, omwe ndi madigiri pafupifupi 7, ndipo mphamvu ya m'mbali ndi 3500 kuchulukitsa ndi 25 kugawa ndi 200, pafupifupi 440 N.

Samalani chinthu chimodzi pamenepa. Ma load cell atatuwo amawerenga zokankha pansi zokha, choncho mbale iyenera kugwidwa m'mbali ndi timizati topyapyala kapena timaberin'gi kuti isatsetsereke. Malo omwe mwawerengera aja ali pa msinkhu wa zogwirira m'mbalizo, osati pamwamba pa mbale. Ngati zogwirirazo zili 40 mm pansi pa pomwe waya wakhala, mzere wopendekeka madigiri 7 umakupusitsani ndi 5 mm. Lembani misinkhu imeneyi pa pulani musanawotcherere chilichonse.

Tsopano chifukwa chomwe mamilimita ochepawa ali ofunika. Waya wa sipuling'i sagwira ntchito popindika, amagwira ntchito popotokoka. Mphamvu yopotokola ndi katundu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa mzere wa mphamvu kukafika pa waya. Mzere ukakhala pakati penipeni, mtundawo ndi 70 mm kuzungulira konse. Ukasuntha 10 mm, mbali ina umakhala 60 mm, mbali yakutali 80 mm. Waya wa mbali yakutaliyo akupotokoledwa mopitirira ndi 14 peresenti.

Pa sipuling'i yanu, potenga G, muyeso wa momwe chitsulo chimakanira kupotokoka, kukhala 79,000 MPa, kulimba kwake kukutuluka pafupifupi 22 N pa milimita. Pa 5000 N, stress, kutanthauza mphamvu yomwe chitsulo chikumva m'kati mwake, yowerengera ndi 8FD kugawa ndi πd³ (F ndi katundu, D m'mimba mwa koyilo, d kunenepa kwa waya) ndi 913 MPa. Kuchulukitsa ndi Wahl factor, nambala yowerengera kukhota kwa waya, yomwe pa index (D kugawa ndi d) ya 11.2 ndi 1.13, mukufika cha pa 1030 MPa m'kati mwa koyilo. Onjezani 14 peresenti ija, mwadutsa 1170 MPa. Kutopa kwa chitsulo sikuyenda mofanana ndi stress, kumathamanga kwambiri kuposa iyo. Mongoyerekeza, ngati moyo wa sipuling'i ukutsika ndi stress kuichulukitsa yokha ka 6, kuwonjezera kwa 14 peresenti kukudula moyowo kupitirira theka. Nambala yeniyeni m'malo mwa 6 ameneyo ndi yomwe makina anu akuyenera kukupatsani.

Chomaliza pa gawoli: kusuntha mbale ndi 10 mm sikutanthauza kuti mzere wa mphamvu wasuntha 10 mm. Zimadalira kulimba kwa sipuling'i cham'mbali, komwe kumasintha ikamapanikizika, ndiponso komwe nsonga ya waya yaloza. Kusuntha mbale kulowera komwe kuli nsonga ndi kuisunthira mbali yotsutsana nayo kumapereka zotsatira ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake pa pepala lanu lembani komwe mzere wadutsa, osati pomwe mbale yaima.

Makanika Wakale:

Masamu a mayiwa ndi oona, koma ndisiyane nawo pang'ono pa zomwe zimayamba kufa. Mphamvu ya m'mbali ikalakwika pa strut, woyamba kulira ndi shoko, sipuling'i imabwera pambuyo. Mukasolola ndodo ya shoko yomwe yagwira ntchito ndi sipuling'i yolakwika, mudzaona chrome itaperepeseka mbali imodzi yokha, kamzere kotuwa kotalika ngati chala, mbali inayo ikuwalabe. Siilo imayamba kudontha mafuta mbali yomweyo. Galimoto imagunda molimba pa timabampu ting'onoting'ono chifukwa ndodo ikukakamira isanayambe kuyenda. N'chifukwa chake ndodo ya strut imakhala yonenepa, cha pa 20 mpaka 22 mm, pamene ya shoko wamba ya kumbuyo imakhala cha pa 11 mpaka 13 mm.

Ndiye achimwene, ngati mukumanga makina, musataye strut. Dulani mbale yapansi pa strut yakale ya galimoto yomweyo, ndi labala yake, mutengenso mbale yapamwamba ndi top mount yonse, chomangira mutu wa strut ku bodi ya galimoto. Mbale yapansi ili ndi kapendekeke kake ndi kadzenje komwe nsonga ya waya imatsamira. Popanda zimenezi sipuling'i ikhala pa theka la mkombero m'malo mwa pomwe inapangidwira kukhala. Powotcherera mbaleyo pa fulemu, chotsani sipuling'i kutali. Nthethe imodzi ya moto ikagwera pa waya, pamenepo ndi pomwe idzathyokere, ndipo mudzanamizira mphamvu ya m'mbali.

Zolakwika zomwe zimabweretsa mphamvu ya m'mbali yoipa pa galimoto zathu n'zodziwika, ndipo ndi zimene zikanayenera kukhala magulu anu oyesera. Sipuling'i kuikidwa nsonga isanafike pa kadzenje kake, mwina yatsalira ndi 20 kapena 30 mm. Mbale yapamwamba kuzunguzidwa molakwika, pamene pa galimoto zambiri ili ndi muvi kapena chizindikiro chomwe chiyenera kuloza kunja cha kutayala. Sipuling'i ya kumanja kuikidwa kumanzere pa galimoto zomwe mbali ziwirizi zimasiyana, ndipo utoto wa madontho pa mkombero ndi umene umakuuzani. Kudula mkombero kuti galimoto itsike, zomwe zimachotsa nsonga youmbidwa ija. Kuika sipesa yosagwirizana ndi mbale pofuna kukweza galimoto chifukwa cha maenje. Kuikamo sipuling'i ya galimoto ina chifukwa choti kutalika kwafanana.

Palinso beringi ya top mount. Ikauma, mukakhotetsa chiwongolero strut imazungulira koma mutu wa sipuling'i umatsalira. Sipuling'i imapotokoka ngati chingwe, kenako imalumpha n'kulira "tong'". Kulumpha kulikonse nsonga ikukhula penti pa mbale. Pa makina anu, mbali imodzi ikhale pa beringi yomasuka monga zilili pa galimoto, chifukwa sipuling'i ikamapanikizika nsonga zake zimafuna kuzungulira pang'ono. Mukazimanga zonse ziwiri mwawonjezera stress yomwe pa galimoto yabwinobwino kulibe.

Sipanala17:

Zikomo mayi, zikomo bambo. Mbale zosalala tazisiya. Tidula mbale pa ma strut akale ndipo tiyamba ndi kuyeza mzere wa mphamvu. Chotsala ndi makina opopera enieniwo. Hydraulic sitingakwanitse. Kodi crank wamba (mkono wozungulira wokankha ndi kukoka) ingagwire ntchito? Nanga tiime pa mapopedwe angati ngati sipuling'i sikuthyoka?

Mmisiri wa Zitsulo:

Crank ikwanira bwino, achimwene, bola muyese masipuling'i awiri nthawi imodzi. Pangani mtanda wonga katungwe, wokhala ndi pini pakati, sipuling'i imodzi mbali iyi ina mbali iyo, crank izigwedeza mtandawo. Ina ikamapanikizika inzake ikumasuka, ndiye katundu wa 3500 N wa mbali ziwirizo amafafanizana. Mota imangolimbana ndi kusiyana kwake. Ndi sipuling'i imodzi yokha, crank ya 70 mm imakumana ndi mphamvu yopotokola yoposa 245 Nm. Ndi awiri imatsika kufika cha pa 110 Nm, ndipo imeneyo imapita ndi kubwerera, choncho flywheel, gudumu lolemera losunga liwiro, imainyamula. Ubwino wina wa katungwe ndi woti mutu wa sipuling'i umayenda mokhota pang'ono. Mukatalikitsa mkono, kukhotako kumachepa. Mukaufupikitsa, mukuyandikira momwe sipuling'i ya kumbuyo imayendera pa galimoto zomwe sipuling'i yakhala payokha pa mkono kapena pa ekiselo. Kwa strut, mkono usachepere mita imodzi, kapena ikani slide yowongoka pakati pa mkono ndi mbale.

Mayendedwe akhale 70 mm kukwera ndi 70 mm kutsika kuchokera pa 200 mm. Ndi 22 N pa milimita, katundu aziyenda pakati pa 1960 N ndi 5040 N. Pansi penipeni sipuling'i idzakhala pa 130 mm. Tsimikizani ndi dzanja, pozunguza crank pang'onopang'ono, kuti mikombero sikugundana mbali imodzi. Sipuling'i yokankhidwa cham'mbali imatseka mbali imodzi msanga, ndipo mikombero ikamamenyana mukuyesa chinthu china. Matani kapepala kopyapyala pakati pa mkombero woyamba ndi wachiwiri, muzunguze kakhumi, muone ngati kaphwanyika.

Liwiro: tsitsani 1450 rpm ija ndi mapule kapena giyabokosi pafupifupi 8 kwa 1, mupeze 180 rpm, omwe ndi mapopedwe atatu pa sekondi. Musakopeke kuthamangitsa. Waya wogwira ntchito pa sipuling'i yanu akulemera pafupifupi 1.7 kg, ndipo kunjenjemera kwake kwachibadwa kuli cha pa 57 Hz, kutanthauza ka 57 pa sekondi. Lamulo la amisiri ndi loti mupope mochepera ka 15 kapena ka 20 kuposa pamenepo, ndiye musadutse 3.8 Hz. Mukapitirira, mikombero imayamba kuvina payokha ndipo labala ya pa mbale imatentha n'kufewa.

Pa kupindika kwa sipuling'i yonse ngati uta musade nkhawa kwambiri. Kutalika kwake kugawa ndi m'mimba mwake ndi 2.6. Pakati pa mbale ziwiri zogwira bwino, vuto limayamba cha pa 5.2, mbali imodzi ikakhala yomasuka kupendekeka, cha pa 3.7. Masipuling'i aatali oonda a kumbuyo ndi omwe amavuta pamenepa.

Magulu ndingawaike chonchi. Loyamba, sipuling'i itakhala bwino pa mbale zake, mzere wa mphamvu uli pomwe wopanga anafuna. Lachiwiri, mzere utasunthidwa ndi 10 mm. Lachitatu ndi 20 mm. Lachinayi, nsonga itatsalira 30 mm kuchoka pa kadzenje kake, monga anenera a Makanika. Gulu lililonse masipuling'i osachepera 6. Chiwerengero chimenechi musachichepetse, chifukwa masipuling'i awiri ofanana, ochokera m'bokosi limodzi, ina itha kukhala kawiri kapena katatu kuposa inzake. Mukayesa imodzi pa gulu, simungasiyanitse mphamvu ya m'mbali ndi mwayi chabe. Onse 24 akhale atsopano, a kampani imodzi, ogulidwa pamodzi. Masipuling'i akale a pa galimoto zophwasula ali ndi mbiri yomwe simukuidziwa. Agwiritseni ntchito poyesera makina okha.

Ikani malire pa mapopedwe 300,000. Pa 3 Hz ndi maola pafupifupi 28 pa awiri alionse, ndiye onse 24 ndi masabata awiri makina osapuma. Yomwe yafika pa malire osathyoka ilembeni kuti yapulumuka, musaiwerengere ngati yathyoka pa 300,000. Ngati gulu loyamba ndi lachiwiri onse akupulumuka, kwezani mayendedwe pang'ono kwa magulu onse mofanana, kapena talikitsani malirewo. Powerengera, jambulani pa pepala la Weibull, galafu yoonetsa momwe kuthyoka kumachulukira ndi mapopedwe, muyerekeze B10 ya gulu lililonse, kutanthauza mapopedwe omwe imodzi mwa khumi imakhala itathyoka. Avereji imabisa zothyoka msanga, pamene zimenezo ndi zomwe zimavulaza anthu pamsewu.

Sakanizani mayesedwe: musamalize gulu limodzi lonse musanayambe lina, ndipo musaike gulu lomwelo mbali imodzi ya katungwe nthawi zonse. Mapini akamadyeka mayendedwe amachepa pang'onopang'ono, ndipo gulu lomaliza lingaoneke lolimba chabe chifukwa makina atopa. Yezani mayendedwe ndi dial gauge, kawotchi koyezera kusuntha, kumayambiriro kwa awiri alionse. Labala ya pa mbale isintheni pamodzi ndi sipuling'i. Kauntala ikhale ya makina, yogunda ndi crank, kuti magetsi akathima nambala isafufutike. Ikaninso switch yozimitsa mota sipuling'i ikathyoka. Njira yosavuta ndi limit switch yokhudza mtanda, kapena kawaya kopyapyala komatidwa motsatira mkombero kuti kakaduka mota ithime.

Za chitetezo musanyengerere. Pa 5000 N sipuling'i iyi yasunga mphamvu yoposa 550 J, ngati thumba la simenti la 50 kg likugwa kuchokera pamwamba popitirira mita imodzi, koma zonsezo zili m'kachidutswa ka chitsulo kakuthwa. Mangani khola la waya wolimba wowotcherera kuzungulira makina onse, dutsitsani ndodo kapena tcheni pakati pa sipuling'i iliyonse, ndipo munthu asatsegule khola mota ikuyenda. Ina ikathyoka, inzake imakankha mtanda ndi mphamvu yake yonse, choncho ikani zoimitsira za labala pansi pa mikono yonse iwiri.

Mayi Injiniya:

Ndiwonjezerepo pa pulani ya a Mmisiri. Musanayambe kupopa, tengani sipuling'i imodzi yomwe simudzaiwerengera, muimate ma strain gauge, ma geji amagetsi opyapyala oyeza kutamuka kwa chitsulo. Palani penti mosamala ndi sandipepa yosalala, osati ndi gulayindala. Pa waya wopotokoka, kutamuka kwakukulu kumakhala pa madigiri 45 kuchokera komwe waya walowera, choncho geji iikidwe mopendekeka chomwecho, kapena gwiritsani ntchito rosette, geji yoyeza mbali zingapo nthawi imodzi. Ikani m'kati mwa koyilo, malo anayi kuzungulira mkombero wapakati, ndi ena awiri kapena atatu pa mkombero woyamba wapansi. Panikizani pang'onopang'ono pa gulu lililonse la makhalidwe anayi aja, mulembe. Mukatero mudzadziwa stress yeniyeni ya gulu lililonse, osati yongowerengera, ndipo mudzatha kujambula stress moyang'anizana ndi moyo wa sipuling'i. Masamu a 14 peresenti aja amagwira bwino pa mikombero yapakati. Pafupi ndi nsonga, pomwe waya akunyamuka pa mbale, pamakhalanso kupindika ndi kukhuzana, ndipo pamenepo geji yokha ndi yomwe inganene zoona.

Yezaninso kutalika kwa sipuling'i iliyonse ndi katundu wake pa 200 mm isanayambe, pa mapopedwe 10,000, pa 100,000, ndi pomaliza. Sipuling'i yolemedwa mbali imodzi imatha kufupika mbali yomweyo isanathyoke. Iimikeni pa galasi kapena pa tebulo losalala pafupi ndi sikweya, muone ngati yayamba kutsamira. Ikatsamira ndiye kuti mzere wa mphamvu nawonso wasuntha, bwererani nayo pa ma load cell.

Makanika Wakale:

Zonsezi zili bwino, koma pali chinthu chomwe makina aukhondo sadzakuonetsani. Masipuling'i ambiri othyoka omwe amafika pa garaja sathyoka pakati. Amathyoka pansi, mkombero woyamba kapena kupitirira pang'ono, kachidutswa konga chikwakwa n'kutsala pa mbale. Chifukwa chake ndi mchenga. Mbale yapansi ili ngati kambale kotungira, imasunga fumbi ndi madzi, makamaka timabowo totulutsira madzi tikatsekeka ndi matope. Sipuling'i ikamapanikizika, waya amagona pa mbale n'kunyamukanso, ndipo mchenga uli pakatipo umadya penti ngati sandipepa. Penti ikatha, dzimbiri limakumba timaenje, ndipo mng'alu umayambira m'kadzenje kamodzi. Mphamvu ya m'mbali imalowa apa chifukwa imapangitsa waya kutsetsereka pa mbale m'malo mongogona ndi kunyamuka. Galimoto zomwe zinayendapo kumadera a chipale ku Japan kapena ku Britain, komwe amathira mchere m'misewu, zimabwera dzimbiri litayamba kale pamalo omwewa.

Ndiye ndikupempha kuti pakhale gulu lachisanu la dothi. Thirani masipuni awiri a mchenga wosefa pa mbale yapansi, muzinyowetsa, muonjezere pa mapopedwe 50,000 alionse. Theka la masipuling'i likhale pa mzere wabwino, theka pa mzere wosunthidwa.

Mmisiri wa Zitsulo:

Gulu la dothi ndikulivomereza, bambo, koma likhale ndi muyeso kuti wina adzathe kulibwereza. Mchenga usefedwe ndi sefa imodzi, uyezedwe pa sikelo, magalamu omwewo nthawi zonse. Ndipo dziwani kuti dzimbiri limafuna nthawi, silifuna mapopedwe. Mu maola 28 silingakumbe kadzenje. Mafakitale amayamba ndi kuponya timiyala pa penti, monga mwa muyezo wa SAE J400, kenako amaika sipuling'i m'bokosi la nkhungu ya madzi a mchere wa 5 peresenti pa 35 °C, monga mwa ISO 9227 kapena ASTM B117, n'kumasinthanitsa kunyowetsa, kuumitsa ndi kupopa kwa masabata. Inu mutha kutsanzira motere: popani 30,000 ndi mchenga kuti penti idyeke, tsitsani sipuling'i, ipopereni madzi a magalamu 50 a mchere pa lita, isungeni m'chidebe chotseka chonyowa maola 8, iumitseni pamphepo maola 16, bwerezani masiku asanu, kenako mubwerere nayo pa makina. Chitani zimenezi mozungulira mpaka ithyoke. Poibwezera pa mbale, nsonga ikhale pa chizindikiro chomwecho. Mu lipoti musatchule kuti mwayesa motsatira ISO, lembani ndondomeko yanu momwe ilili.

Sipuling'i ikathyoka musalumikize zidutswa kuti muone momwe zinalili, mudzafufuta umboni. Pukutani ndi mpweya, kulungani nsonga iliyonse payokha m'pepala louma. Lembani kaye pomwe yathyokera powerenga mikombero kuchokera ku nsonga yapansi, mwachitsanzo 0.8 kapena 2.3, ndiponso mbali yomwe malowo analoza poyerekeza ndi komwe munasunthira mzere. Kenako yang'anani ndi galasi lokulitsa ka 10. Kuthyoka kwa kutopa kumakhala kopendekeka cha pa madigiri 45, ndipo pamakhala kadera kosalala konga chikhadabo komwe mng'alu unkayenda pang'onopang'ono, kwinako kuli kokhakhala pomwe chitsulo chinadukira kamodzi. Tsatirani kachikhadaboko mpaka pomwe kayambira.

Kakayambira m'kati mwa koyilo, pa mkombero wapakati, mbali yakutali ndi mzere wa mphamvu, pa waya wosadyeka, imeneyo ndi mphamvu ya m'mbali yeniyeni monga anawerengera mayi. Kakayambira kunsi kwa waya pomwe amakhudza mbale, penti itatha, ndi kukhuzana. Kakayambira pomwe pali kachipsera konyezimira, nsonga inali kumenya mkombero wotsatira. Kakayambira m'kadzenje kakuda kapena kofiira, ndi dzimbiri. Kakayambira pansi pa khungu la waya, pali kadontho kowala pakati, ndi kachitsotso ka m'chitsulo chomwecho, ndipo imeneyo ilembeni payokha chifukwa sikunena kanthu za makhalidwe anu.

Ngati masipuling'i a gulu loyamba akuthyoka msanga kwambiri, kayikirani chitsulo musanakayikire makina. Masipuling'i abwino amapangidwa ndi chitsulo cha silicon ndi chromium monga SAE 9254 kapena 54SiCr6, cholimba cha pa 50 mpaka 55 pa muyeso wa kulimba wa HRC, ndipo khungu lake limamenyedwa ndi timipira tachitsulo, shot peening, kuti likhale lofinyika, mng'alu uvutike kutseguka. Mukachotsa penti ndi mankhwala pa kachidutswa, waya womenyedwa bwino amaoneka ngati khungu la lalanje, timabowo tosaya tothinana kuzungulira konse, ndi m'kati mwa koyilo momwe. Akakhala wosalala ndi mizere yotsatira utali wake, sanamenyedwe. Penti musaichotse ndi moto wa gasi, chifukwa kutentha kumamasula kufinyika kuja ndipo kumafewetsa chitsulo. Ndi chifukwa chomwechi sipuling'i yotenthedwa kuti galimoto itsike sikhalitsa.

Sipanala17:

Ndalemba zonse. Magulu akhala asanu, masipuling'i 30 kuphatikizapo imodzi ya ma geji. Funso lomaliza kwa mayi: ndalama zikukwanira ma load cell atatu okha, osati asanu ndi limodzi. Kodi tingayeze pansi kaye, kenako n'kutembenuza kuti tiyeze pamwamba?

Mayi Injiniya:

Mungathe, a Sipanala, bola mutembenuze zonse pamodzi, sipuling'i ndi mbale zake ziwiri, osasintha momwe zaloza. Boolani mabowo a ma dowel pin (timisomali tosungitsa malo) awiri pa mbale iliyonse, ofanana pansi ndi pamwamba, kuti mbale ikasamuka ikakhale pa malo omwewo ndendende. Jambulani mzere wa penti kuchokera pa mbale yapansi, kudutsa pa mikombero, kukafika pa yapamwamba, sipuling'i ili pa 200 mm. Mukatembenuza, mzerewo ulumikizanenso. Nthawi iliyonse panikizani katatu kufika pa 130 mm musanawerenge, kuti waya akhazikike pa labala, ndipo muziwerenga mukutsika nthawi zonse chifukwa pokwera labala imapereka nambala ina. Werengani pa 270 mm, pa 200 mm ndi pa 130 mm, popeza mzere wa mphamvu umasuntha sipuling'i ikamayenda. Kumbukirani kuti mukatembenuza, kumanja kumakhala kumanzere pa pepala lanu, ndiye sinthani chizindikiro cha mbali imodzi musanalumikize madontho awiriwo. Ma load cell akhale onyamula osachepera theka la tani iliyonse, chifukwa pa 5040 N mzere utasuntha 20 mm, imodzi yokha inyamula kupitirira 2300 N. Masipuling'i gulani 32, pakhale ya ma geji payokha ndi ina yapadera yoyesera makina tsiku loyamba.